Kadimba ka pa Khomo la Mphunzitsi

(Mau amene mphunzitsi wina wa sukulu ya pulaimale ananena pa msonkhano wa Bungwe lathu m'Cigawo ca Kum'mawa.)

 Ndithokoza a komiti pondipatsa danga lakuti ndilankhule, ngakhale ndiri mwana pakati panu, pakuti alipo ena muno amene anayamba kugwira coko ine ndisanabadwe. Mutu wanga ndiwo kadimba ka pa khomo la mphunzitsi. Munda wa cimanga ndi dimba la sukulu ziri ndi tsiku lace. Lero ndinena za kamalo kaja kamene mphunzitsi alima yekha ndi manja ace ataweruka, nabzalapo ndiwo, zitsamba zonunkhira ndi maluwa, cifukwa mtima wace ukondwera nako.

TILIMIRENJI?

Nchito yathu ndi ya mutu ndi pakamwa. Kuyambira mu January 2022, pamene Boma linathetsa malipiro m'masukulu ace, ana aculuka m'makalasi, kotero kuti mphunzitsi aweruka mau atasasa, mutu ukulemera. Munthu wotere asowa copumulira. Tonse tidziwa kumene maola a madzulo amathera pa sukulu ya kumudzi: ena pa nsolo, ena pa foni, ena ku mowa; ndipo mowawo wagwetsa aphunzitsi abwino ambiri mu kaloba. Kakhasu ndi keni yothirira zipumitsa mutu popanda kucotsa ngwee m'thumba.

Tsono pali nkhani ya cakudya. Malipiro afika tsiku limodzi, koma ndiwo zifunika masiku 30. A World Health Organization alangiza kuti munthu wamkulu adye magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku; kodi ndife angati muno amene tifikako m'sabata yotsiriza ya mwezi? Kafukufuku wa za umoyo amene anacitika m'dziko muno mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osafika zaka 5, ana 35 anali opinimbira. Ana amenewo ndiwo akhala pa mabenchi athu tsopano. Kupinimbira sikucokera ku kusowa nsima kokha, komanso ku kudya cakudya ca mtundu umodzi tsiku ndi tsiku, ndi ku matenda obwerezabwereza.

Tikumbukirenso cilala cija. Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, pamene maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Sindinena kuti mabedi atatu a ndiwo angalowe m'malo mwa nkhokwe, iai. Koma cimanga ca m'munda ciyembekeza mtambo, pamene kadimba kayembekeza keni. Ndipo bonongwe amene mwafesa lero mudzayamba kumthyola patapita masabata anai okha.

Potsiriza, nyumba ya mphunzitsi iri pa maso pa mudzi wonse. Tingaphunzitse za zakudya za magulu-magulu caka cathunthu, koma ngati pa khomo pathu pali fumbi lokha, makolo adzakhulupirira khomolo kuposa mau athu. Ndipo ife a masukulu a mishoni sitiiwala kuti, monga mwa buku la Genesis, nchito yoyamba imene munthu anapatsidwa inali ya kusamala munda.

MALO, MPANDA NDI NTHAKA

Muyambe ndi pang'ono. Mabedi atatu akwana, bedi liri lonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Wolima dimba lalikulu mu April amalisiya mu August, madzi atatalikira, nagwa mphwayi.

Musankhe malo oomba dzuwa maola 6 kapena kuposa, patali ndi mthunzi wa mango, patali ndi mizu ya bulugamu imene imamwa madzi onse, ndiponso patali ndi cimbudzi. Pakhale pafupi ndi nyumba, pamene diso ligwa m'mawa muli monse.

Mpanda uyambe, mbeu zitsate. Mbuzi imodzi itha kumaliza nchito ya mwezi wathunthu inu muli m'kalasi, ndipo mlandu wa mbuzi wadanitsa aphunzitsi ambiri ndi eni mudzi. Udzu, mapesi kapena nsungwi zikwana caka coyamba; kunsi muthinanitse cifukwa ca nkhuku. Ofuna mpanda wamoyo acenjere ndi mitengo iwiri. Nkhadze ichinga bwino, koma utomoni wace uononga maso, ndipo pa sukulu pamasewera ana. Lantana ali ndi maluwa okongola, koma afalikira m'chire monse, naononga msipu, ndipo masamba ace adwalitsa ng'ombe.

Bwalo la nyumba ya mphunzitsi lasesedwa zaka zambiri, ndipo dothi lace lauma gwa. Poyamba mukumbe mozama masentimita 30 kapena 40, ndi kuphwanya zibuma. Pamenepo nthaka ifuna cakudya. Manyowa a kompositi apangidwa motere: muyale mapesi kapena udzu wouma woduladula, pamwamba pace masamba aawisi, kenaka ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono ndi dothi pang'ono, muwaze madzi, ndi kubwereza kufikira mulu utafika mita imodzi. Muzike ndodo pakati. Pakapita masiku atatu kapena anai muisolole: ikakhala yofunda ndi yonyowa, muluwo ukupsa bwino, ikakhala yozizira ndi youma, muonjeze madzi. Mutembenuze muluwo pa masabata atatu ali onse, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu mudzakhala ndi dothi lakuda lofewa. Muike ndowa imodzi kapena ziwiri pa mita iri yonse ya bedi. Ndowe zaziwisi musaziike pa mbeu, pakuti ziocha mizu, ndipo zitha kutengera matenda pa masamba amene mudzadya.

MADZI

Apa ndi pamene pagona nkhani, cifukwa ambiri a inu mukunena mumtima kuti, "Kwathu kulibe madzi." Tiyeni tiwerenge ngati aphunzitsi a masamu. M'nyengo yotentha ya September ndi October, mita imodzi ya bedi imwa malita ngati 5 pa tsiku. Bedi la mamita 5 lifuna malita 25. Mabedi atatu afuna malita 75, ndiko kunena zigubu zinai za malita 20. M'nyengo yacisanu madzi ofunika acepa ndithu. Cotero muyeso wa dimba lanu ndiwo madzi amene mutha kutunga mu October. Ngati mutha zigubu zitatu zokha, musiye bedi limodzi lipume kufikira mvula.

Pali njira zosungira madziwo. M'malimwe mabedi akhale olowa pansi ngati mbale, kuti madzi asathawe. M'dzinja akhale okwera, kuti mizu isaole. Muphimbe dothi ndi udzu wouma wopanda njere, wocindikala ngati zala zinai. Muthirire m'mamawa kapena madzulo, pa tsinde, mokwanira kuti madzi alowe pansi. Kuwaza pang'ono pamwamba kucititsa mizu kuyenda pamwamba pomwepo, ndipo mbeu ifota dzuwa likangokwera. Pa matimati mukwirire botolo loboola kunsi, kapena kamphika kadothi, ndi kuthiramo madzi. Madzi osambira ndi otsukira mbale asatayike: apite ku maluwa, ku nthoci ndi ku mitengo ya zipatso, koma osati pa masamba odya.

Cinthu cimodzi tisaiwale. Citsime ca pampu ca pa sukulu ndi ca anthu onse, ndipo madzi akumwa ayamba ndiwo. Mphunzitsi amene aimika zigubu zace zisanu patsogolo pa amai amene afika m'bandakuca, akolola repu, koma ataya ulemu. Mupangane ndi a komiti ya citsime za nthawi yanu yotungira.

ZOBZALA NDI NYENGO ZACE

Kuyambira April kufikira July ndiyo nthawi ya repu, mpiru, kabici, anyezi, kaloti ndi matimati, pakuti mbeuzi zikonda kuzizira, ndipo matenda a masamba acepa mvula ikatha. Mufese pa nazale yochingidwa ndi udzu. Repu, kabici ndi matimati ziokeredwa patapita masabata anai, zitakhala ndi masamba anai kapena asanu. Anyezi acedwa, masabata 6 kufikira 8, mpaka atanenepa pafupifupi ngati pensulo. Kaloti safuna kuokera. Mumfese pamene adzakulira, ndi kupatulira. Muokere madzulo, ndi kuthirira pomwepo. Repu atalikirane masentimita 30 kufikira 40, matimati 50 kufikira 60, anyezi 10. Pothyola repu mutenge masamba a kunsi, mtima muusiye, ndipo adzakudyetsani miyezi iwiri kapena itatu.

Kukatentha, ndi m'dzinja monse, tibwerere ku ndiwo za makolo athu: bonongwe, luni, therere, denje, nkhwani, citambe, kholowa ndi impwa. Ndipempha kuti ndiime pano pang'ono. Pali maganizo akuti munthu wophunzira adya kabici, ndipo bonongwe ndi wa osauka. Ana athu awamva maganizo amenewa, nacita manyazi ndi ndiwo za kwao. Koma oyesa zakudya apeza kuti masamba obiriwira kwambiri, monga bonongwe ndi luni, aposa mutu woyera wa kabici pa vitamini A, wothandiza maso ndi kuchinjiriza thupi, ndiponso pa ayironi, wothandiza magazi. Ndiwo zimenezi zipirira dzuwa, sizifuna mankhwala ambiri, ndipo mbeu yace siigulidwa ku Chipata kapena ku Petauke. Mukathirako nsinjiro za nsawa, mwana wapeza cakudya comanga thupi m'mbale imodzi. Tikapatsa bonongwe bedi lace-lace pa khomo pa mphunzitsi, tamcotsera manyazi pa mudzi wonse. Kholowa mumtenge ku mbatata ya cikasu m'kati, kuti mudye masamba ndi mbatata yomwe, zonse ziwiri za vitamini A.

Musabwereze banja limodzi pa bedi limodzi. Repu, mpiru ndi kabici ndi pacibale, ndipo adani ao ndi amodzi. Matimati, tsabola ndi impwa ndi banja lina. Nyemba ndi khobwe ndi banja lacitatu, limene mizu yace ionjeza conde m'nthaka. Muzisinthanitsa mabanjawa nyengo ndi nyengo, ndipo pa mabedi atatu masamu ace sabvuta.

ZITSAMBA ZONUNKHIRA

Pa ngodya ya dimba musiye kamalo ka zokometsera. Mitengo iwiri ya tsabola ikwanira banja. Adyo abzalidwa ndi mano ace mu April, nakhwima pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Minti mumuike m'beseni lakutha, cifukwa pa bedi ayanga nalanda malo onse. Udzu wonunkhira mandimu ufuna phata limodzi lokha pamene mutayira madzi osambira, ndipo upanga tiyi wokoma tsiku limene masamba a ku sitolo atha. Camwamba amera msanga ndi njere kapena nthambi. Mumdule pa msinkhu wa munthu kuti aphuke nthambi zambiri zofikirika. Mpungabwi makolo athu ankauika m'nyumba kuingitsa udzudzu, ndipo nkwabwino kuusunga. Komatu zitsamba sizilanda malo a neti kapena a cipatala. Mwana akatentha thupi, apite akapimidwe malungo tsiku lomwelo. Mphunzitsi asakhale woyamba kucedwetsa wodwala ndi masamba.

MALUWA

Ndidziwa cimene abambo ena anena: "Maluwa sadyedwa." Inde sadyedwa, koma adyetsa. Taonani mtengo wa dzungu: uli ndi maluwa aamuna pa kaphesi kakatali, ndi maluwa aakazi okhala ndi kadzungu kunsi kwace. Popanda njuci yonyamula ufa wa duwa lacimuna kupita nao ku lacikazi, kadzunguko kafota nikagwa. Maluwa a m'mbali mwa dimba aitana njuci, pamodzi ndi tizirombo tina tabwino timene timadya nsabwe za masamba. Ngati mizu ya matimati kapena therere yatupa mfundo-mfundo, m'nthakamo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Mubzale marigold mothinana pa bedi lonselo kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo tinyongolotsito ticepa. Ndiponso duwa limodzi la hibiscus m'manja mwa mwana liphunzitsa ziwalo za duwa bwino kopambana cithunzi cojambula pa bolodi.

Koma ngakhale maluwa akadapanda nchito zonsezi, ndikadawapempherera malo. Munthu amene atumidwa ku sukulu ya kutali, kumene basi ifika kamodzi pa sabata, afooka mtima msanga ngati pa khomo pace palibe cokondweretsa maso. Zinnia, cosmos, marigold ndi mpendadzuwa zifesedwa ndi mvula yoyamba, ndipo zipereka mbeu zace zokha. Canna agawidwa ndi mizu; bougainvillea ndi hibiscus zimera ndi nthambi. Zonsezi zipezeka mwa kupempha kwa mnansi, kapena pa mishoni zathu zakale. Ndipo mudzakhala ndi coika pa gome la m'chalichi tsiku la Sabata, ndi conyamula pokazonda wodwala.

ADANI A M'DIMBA

Mankhwala oyamba ndiwo diso la mwini dimba. Tsiku ndi tsiku mutembenuze masamba ndi kuyang'ana kunsi kwace. Mbozi ndi mazira ace muziphe ndi zala zisanaculuke. Nsabwe za pa repu zigonja ndi madzi a sopo pang'ono. Masamba a mthuthu, umene ena auchula ombwe kapena ububa, muwasinje, muwabviike usiku wonse, musefe, ndi kuwaza madzulo. Papite masiku angapo musanathyole ndiwo, ndipo muzitsuke bwino. Zotsala zace musazitaye ku mtsinje, pakuti zipha nsomba. Kuyambira 2016 alimi a matimati m'dziko muno abvutika ndi kambozi kochedwa Tuta absoluta, koboola masamba ndi zipatso. Pa kadimba kakang'ono muthyole masamba ogwidwawo ndi kuwakwirira mozama, ndipo mukatha kukolola muzule mitengo yonse yakale. Mukagula mankhwala a ku sitolo, mufunse mlangizi wa zaulimi wa dera lanu, muwerenge masiku oyembekeza musanathyole, ndipo musawasunge konse m'botolo la zakumwa.

MBEU NDI MFUTSO

Musiye mitengo iwiri kapena itatu yamphamvu kopambana kuti ibale mbeu; yotsalira yofooka idzabala zofooka. Bonongwe, luni, therere, tsabola ndi maluwa sizibvuta. Njere za matimati muzisiye m'kapu ndi madzi ace masiku awiri kapena atatu, muzitsuke, muziumitse pa mthunzi. Koma ngati pa paketi panalembedwa F1, mbeu ya ana ace siidzafanana ndi make. Musunge mbeu zouma m'botolo lotseka bwino, ndi phulusa pang'ono, mutalemba dzina ndi caka.

Ndiwo zikaculuka m'dzinja, mufutse monga acitira amai athu. Ndionjezepo ziwiri zokha: muziwiritse kanthawi kocepa, ndipo muziyanike pa mthunzi popita mphepo, pakuti dzuwa lamphamvu liononga vitamini A. Cidulo naconso cipha mavitamini ena. Cikhale ca therere, osati ca ndiwo iri yonse.

ZINTHU ZIWIRI ZA CIKUMBU MTIMA

Coyamba ndi ca ana a sukulu. Mu 1975 President Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iri yonse ikhale ndi nchito yolima kapena kuweta, imene kufikira lero tiichula production unit. Dimba limenelo ndi la sukulu, ana aphunziramo, ndipo phindu lace liyenera kulembedwa m'buku. Kadimba ka pa khomo ndi ka mphunzitsi. Tikasokoneza ziwirizi, tikhala tikudya thukuta la ana a eni. Kholo limene liona mwana wace atasenza cigubu kupita ku nyumba ya mphunzitsi pa nthawi ya masamu silinena kanthu pamaso pathu, koma kumudzi linena. Ndiponso tisasandutse khasu kukhala cilango. Mwana amene alimitsidwa cifukwa wacedwa, aphunzira kuti kulima ndi manyazi, ndipo m'mera mpoyamba. Tidzadabwa bwanji akadzakula nathawa munda wa atate wace? Mwana akabwera yekha pa mpanda kudzaonerera, mumlowetse, mumuonetse, mumpatse mbande zisanu akaokere kwao. Pamenepo mwaphunzitsa.

Caciwiri ndi ca kusamutsidwa. Ambiri tinena kuti, "Ndibzalirenji, popeza kalata itha kufika mwezi wamawa?" Nzoona, mphunzitsi ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Koma repu adyedwa pa miyezi iwiri, papaya abala pa caka cimodzi. Ndi owerengeka amene asamutsidwa msanga kotero. Ndipo mango amene ana athu akudya pa masukulu ndi pa mishoni zakale anabzalidwa ndi anthu amene ambiri a iwo sanalawe cipatso cace. Tidya za amene anatsogola. Cingakhale cinthu ca manyazi ngati wobwera pambuyo pathu apeza citsa ndi fumbi. Kupatsa nkuika: lero musiyira mnzanu mpanda ndi ndimu, mawa mudzapeza gwafa kumene mupita. Posamuka, mbeu ilowe m'thumba, koma mtengo ndi mpanda zitsale ziri ciriri.

PEMPHO LANGA

A Wapampando, nditsiriza ndi pempho limene msonkhano utha kulibvomereza kapena kulikana. Pa msonkhano wathu wotsatira tiike gome limodzi pa khomo, ndipo mphunzitsi ali yense abwere ndi mbeu ya mtundu umodzi m'kaenvulopu, ya ndiwo, ya citsamba kapena ya duwa, atalembapo dzina la mbeuyo ndi mudzi umene yacokera. Makamaka tifunefune kwa agogo a m'midzi mwathu mbeu zakale za maungu, khobwe, luni ndi impwa, zimene zikusowa caka ndi caka. Wobwera ndi mtundu umodzi abwerere ndi mitundu isanu. Amene sanayambe, akumbe bedi limodzi lokha m'temu ino, nadzatiuze zimene waona.

 Mulungu adalitse nchito ya manja anu.